Dzira la Asilikali

Anamwino anatichenjeza tili pampopi, mliri usanalowe mumsewu wathu. Ankakhala chipinda chakumapeto kwa mdadada wathu wa nyumba za lendi, ndipo tsikulo anali atangoweruka kuntchito, maso ali psuu. Anaima patali nafe, masiki ili kukamwa, ndowa ili m'manja.

"Matendawa akubwera, ndipo sasankha khomo," anatero. "Chakudya sichingawatsekere kunja, wina asakunamizeni. Sambani m'manja, musaunjikane. Koma akakupezani, akupezeni thupi lili ndi pogwira. Asilikali a m'thupi samenya nkhondo ali ndi njala. Dzira, nyemba, mtedza, kansomba, masamba, chipatso chilichonse chimene mungapeze. Muyambire ana ndi amayi oyembekezera."

Akunena zimenezo anayang'ana mwana wanga kumsana, kenako anayang'ana mimba ya Asisi, akazi awo a alamu anga.

Alamuwo, akulu ake a mwamuna wanga, anali pakhonde akupolisha nsapato. Ndi mlonda pa sitolo ina m'tauni, ndipo yunifolomu yawo ili ndi mabatani onyezimira amene amawanyadira kuposa mano awo. Anadzuka, n'kugunditsa zidendene, n'kumenya saluti.

"Mwamva, Amayi?" anakuwira apongozi amene anali m'khitchini. "Achipatala alamula. Asilikali tidye!"

Tonse tinaseka, inenso ndinaseka. Anamwino okha sanaseke. Anatunga madzi awo n'kumapita.

Tinkakhala anthu asanu ndi mmodzi m'zipinda zitatu zogundizana. Ntchito zitayamba kuvuta tinaphatikiza miphika, ndipo kiyi wa kabati ya zakudya anapita pachingwe cha m'khosi mwa apongozi. Mwamuna wanga amatsitsa matumba m'malole kumsika waukulu. Asisi anali telala, makina awo anali pawindo, ndipo nthawi imeneyo ankasoka mamasiki okhaokha. Kuseri kwa khitchini anali ndi khola la waya la nkhuku zinayi zoikira, zimene anagula okha. Ine ndinali wapakhomo, ndi mwana wanga wamkazi wa chaka chimodzi ndi miyezi ingapo. Tinkamutchula Wayilesi, chifukwa ankayamba kuyankhula kusanache ndipo palibe ankadziwa pothimitsira.

Ndine munthu wamantha, ndimadziwa. Ndimamva chifuwa cha munthu kudutsa makoma awiri. Masiku amenewo ndinkatsuka chogwirira chitseko mpaka utoto unayamba kusupuka, ndipo wina akayetsemula panja ndinkamuvundikira Wayilesi ndi nsalu ngati mkate. Komabe maso anga onse anali kuchitseko, kumene ndinkaganiza kuti imfa idzalowera. Patebulo ndinachedwa kuyang'anapo.

Msika unayamba kutsekedwa masana. Malole anachepa. Nyama inasowa m'nyumba, mkaka unatsatira, nsomba inayamba kubwera ngati mlendo. Zinatsala ndi mpunga, phala lam'mawa, nyemba za apo ndi apo, ndi mazira a nkhuku za Asisi. Tsiku loyamba apongozi kuika mazira awiriawiri m'mbale za ana awo aamuna, ananena akumwetulira.

"Awa ndi a asilikali."

Alamu anamenyanso saluti. Sabata yotsatira mawuwo ananenedwanso, koma kumwetulira kunalibe. Kenako sankanenedwanso n'komwe. Dzira linkangodziwa njira yake. Nyemba zikaphikidwa, zenizenizo zinkapita kwa amuna, ife n'kulandira msuzi. Wayilesi ankadya phala loyera ndi mpunga wonyowetsa msuziwo, kenako n'kubwera kubere kwa ine, kumene nakonso kunkachepa.

Ndinayesa kuyankhula tsiku lina tikutsuka mbale.

"Amayi, asilikali aja anamwino ankanena si anthu ayi. Ali m'magazi. Aliyense ali nawo, ngakhale Wayilesi. Tinaphunzira kusekondale."

"Tamverani Adokotala," anatero apongozi, osatembenuka. "Asilikali a m'magazi a Wayilesiwo ndi amene amadzuka m'mawa kukatsitsa matumba?"

"Ayi, Amayi, koma mwana akafooka..."

"Amene amatuluka kukakumana ndi matendawo ndani? Inu muli m'nyumba, chitseko chotseka. Awiriwa amakapuma mpweya wa anthu onse m'tauni muno. Akagwa amenewa, mphika uwu udzaphika mphepo. Pamenepo mudzamudyetsa mabuku anu mwanayo?"

Theka la mawu awo linali loona. Apongozi sanali munthu wankhanza. Okha ankadya zochepa kuposa tonse. Anaika kale mwamuna wawo m'manda ana ali aang'ono, ndipo ankadziwa mmene nyumba imamvekera wobweretsa chakudya akachoka.

Ife akazi apongozi anatipezera chitetezo china. M'mawa uliwonse ankawiritsa mandimu, jinja ndi adyo mumphika waukulu mpaka nyumba yonse inkayabwa m'maso. Anamva kwa anzawo pafoni kuti chowawa ndicho chimathamangitsa matendawo. Mandimu atakwera mtengo, anayamba kusinthanitsa ena mwa mazirawo ndi mayi wina wogulitsa zipatso pageti. Ndinkaona mazira akutuluka pakhomo, mandimu akulowa. Mandimu ndilibe nawo mlandu, ndi chipatso ngati china chilichonse. Koma tinkamwa madziwo m'mimba mulibe kanthu, ndipo ankatengedwa ngati alowa m'malo mwa chakudya. Asisi madziwo ankawapatsa chilungulira choopsa. Apongozi akatembenuka, ankatsanulira kapu yawo pawindo, pa kamtengo kamaluwa kamene pambuyo pake kanauma.

"Taona," anandinong'oneza Asisi. "Ngakhale duwa lakana."

Wayilesi anali ndi kachibangili kapulasitiki kobiriwira kamene anampatsa achemwali anga. Poyamba kankamuluma padzanja, kankasiya mzere m'mnofu, ndipo ndinkaganiza zokadula. Tsopano kanayamba kuyenda. Ndinkakakankhira m'mwamba tsiku lililonse ndikamamusambitsa, n'kuona pamene kaima. Kanafika pakati pa mkono. Kenako kanapitirira.

Bambo ake anaona. Anayamba kubisa theka la dzira m'thumba la malaya, n'kudzandipatsa kuchipinda lili ndi ulusi ndi fumbi la matumba. Sizinakhalitse. Tsiku lina apongozi anapeza kachikasu pachibwano cha mwanayo. Ndinkayembekezera kukalipa, koma iwo anangokhala pansi pakhomo la khitchini n'kuyamba kulira.

"Ukufuna ndikuike ngati mmene ndinaikira bambo ako?" anamufunsa mwana wawo. "Ndakulakwira chiyani?"

Kuyambira tsikulo ankakhala moyang'anizana ndi ana awo mpaka dzira litamezedwa. Mwamuna wanga ankatafuna maso ali m'mbale.

Amene anapeza njira ndi Asisi, popeza ndiwo ankatola mazira. M'kholamo munali thadzi lofiirira lotsimphina, limene linapondedwa ndi njinga lili laling'ono. Tsiku lina analowa m'khitchini ndi mazira atatu m'malo mwa anayi.

"Lotsimphina lija lasiya kuikira, Amayi," anatero. "Mwina nalonso lamva za mliri."

Apongozi anadandaula, nati tilizinge, koma Asisi anati liyambanso, nkhuku zimapumira. Masana amenewo, apongozi atagona pang'ono, Asisi anandikodola. Anatsegula kabokosi ka pamakina kamene ankasungamo ulusi, ndipo pakati pa ulusiwo panali dzira. Analiwiritsa m'ketulo ya tiyi.

"Mudye ndinu, Asisi," ndinatero. "Inu muli awiri."

"Wam'mimbayu ndi mbava, amadya kwa ine osapempha. Wakoyu ndiye alibe pobera." Anasenda dziralo ndi chikhadabo, n'kumunyemera Wayilesi. "Bwera kuno, msilikali wanga. Thadzi lija ndi lako kuyambira lero, wamva? Likaikira, laikira iwe."

Ndinkawakakamiza kuti tizigawa pakati. Nthawi zina ankaluma pang'ono kuti ndikhale chete. Kachibangili kaja kanaima pamene kanafika, ndipo Wayilesi anapitiriza kuulutsa nkhani zake m'mawa uliwonse.

Matenda analowa ndi alamu. Anabwera kuchokera kuntchito akunena kuti sakumva fungo la polishi, usiku wake thupi linatentha. Mwamuna wanga anatsatira. Tinawatsekera chipinda chimodzi, mbale tinkasiya pakhomo. Apongozi anakhuthula kabati yonse. Nyemba, mtedza umene sindinkadziwa kuti ulipo, ngakhale nsomba inapezeka. Amunawo anatsokomola, anabuula, alamu mpaka anayamba kugawa nsapato zawo za ntchito kwa amene adzatsale, koma pamapeto pake anadzuka onse awiri.

"Mwaona, Adokotala?" anatero apongozi, nkhope ikuwala koyamba m'miyezi yonseyo. "Tikanagawana dzira lija tonse, bwenzi pano tikulira."

Ine matendawo anandigunda pang'ono, mutu ndi kufooka basi. Apongozi sanatsokomole n'komwe, ndipo anathokoza mandimu. Asisi anapitiriza kusoka. Ndinayamba kumva makina akuima pakati pa msoko, kenako n'kuyambanso, kenako n'kuimanso nthawi yayitali. Nditalowa ndinawapeza atatsamira pamakinawo, phazi lili pachopondera.

"Chalemera lero chinthuchi," anatero. "Wina wachithira mchenga."

Milomo yawo inali yotuwa. Ndinawakoka chikope ngati mmene amachitira kusikelo, ndipo m'kati mwake munali moyera ngati pepala. Ankapuma mofupikitsa, ngati munthu amene wakwera masitepe atasenza ndowa. Ndinathamangira kwa anamwino, amene anaitanitsa ambulansi. Akuwakweza, Asisi anandigwira dzanja.

"Ukaone kabokosi," anatero. Munali dzira la tsiku limenelo.

Kuchipatala sankalola munthu kulowa. Alamu ankaima kunja kwa mpanda m'mawa uliwonse, atavala yunifolomu, poganiza kuti alonda anzawo awamvera chisoni. Sanawalole. Uthenga unabwera pafoni, wa imfa ya anthu awiri, mayi ndi mwana amene sitinamuone nkhope. Anawaika anthu ovala zoyera kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ife titaima patali ngati odutsa m'njira.

Masiku amene Asisi anali kuchipatala, apongozi anandiletsa kupita kukhola, ati ndisaunjikire zochita, ndizisamalira mwana. M'chipwirikiti chimenecho mazira ankatoledwa ndi aliyense, ena ankasweka momwemo, palibe ankawerenga. Wayilesi anabwerera ku phala loyera. Bere langa linali litauma ndi matenda aja. M'mbali mwa kamwa mwake munatuluka tizilonda, tsitsi linayamba kufiira, ndipo m'mawa ankangogona maso ali kudenga.

"Wayilesi yatha mabatire," anatero woyandikana nafe wina, pofuna kundisangalatsa. Ataona nkhope yanga analowa m'nyumba mwake.

Tsiku lotsatira maliro ndinakumana ndi anamwino pampopi pomwe paja. Ndinawafunsa funso limene linkandidya.

"Asisi akanamadya bwino, akanakhalapo?"

"Sindinganene choncho," anayankha. "Matendawa agwetsa ngakhale anthu odya bwino, ndawaona ndi maso anga. Chimene ndikudziwa n'chakuti anafika magazi ali ochepa kwambiri, ndipo anali ndi pakati. Thupi linalibe pogwira." Anawerama n'kuzunguliza zala ziwiri pamkono wa Wayilesi. Zala zinakumana, malo n'kutsala. Anamudina phazi, n'kuyang'anitsitsa. "Uyu sanatupe, mwayi ulipo. Koma chilichonse chikamupeza pano, kaya mliriwu, kaya kutsekula m'mimba wamba, ndikuopa. Kunyumbako zasintha?"

Ndinapukusa mutu.

"Muli ndi kwina?"

Ndinawauza za achemwali anga, amene amakhala kunja kwa tauni, kumene amalima masamba ndi nyemba, ndipo ali ndi mbuzi yamkaka. Anali atandiitana kangapo pafoni, ine n'kumakana chifukwa choopa msewu, choopa anthu m'galimoto, choopanso kuwatengera matenda.

"Masiku anu opatsira ena apita, mmene ndikuonera," anatero anamwino. "Komabe mukafika mukakhale chipinda chanokha kaye, masiki kukamwa. Ndipo mukamuonetse kuchipatala chakumeneko tsiku lomwelo, ali ndi chakudya cha ana ofooka. Msewu uli ndi zoopsa zake, sindikubisirani. Musankhe nokha."

Madzulo a tsikulo, dzuwa likulowa, apongozi anapita okha kukhola. Anabwerako atanyamula mazira m'nsalu, akuyenda mofulumira.

"Taonani! Lotsimphina lija layambanso. Anayi!"

Anawawiritsa onse. Tinakhala patebulo, mpando wa Asisi uli pakhoma. Anaika awiri m'mbale ya mwamuna wanga, awiri m'mbale ya alamu. Patsogolo pa ine anaika mpunga, msuzi, ndi kapu ya mandimu. Anaikanso kakapu kena kakang'ono.

"Nayenso mwanayu ayambe kumwa," anatero. "Taona zimene zimachitika munthu akamataya mankhwala pawindo. Mumayesa sindinkaona?"

Sindinayankhepo apongozi mokweza chikwatiwire, koma mawu anatuluka okha.

"Thadzi lija silinasiye kuikira, Amayi. Asisi anampatsa Wayilesi. Dzira limodzi pamenepo ndi lake."

Apongozi anandiyang'ana nthawi yayitali, milomo ikuyenda, akulumikiza zinthu.

"Ndiye munkaba," anatero motsitsa. "Ana anga akupita kumatenda, inu mukuba m'nyumba."

"Nkhuku zinali zawo."

"Zinali za nyumba ino."

Alamu, amene sanayankhule chichokere kumanda, anakankha mbale yawo mpaka pakati pa tebulo. Anali asanamete ndevu, malaya a yunifolomu atamangidwa mabatani mosemphana.

"Mpatseni mwanayo," anatero. "Ine si msilikali. Ndimatsegula geti ine."

Apongozi anabweza mbaleyo.

"Idya. Ndataya awiri sabata ino. Wachitatu sinditaya."

"Amayi, ndati mpatseni."

"Mawa uli ndi ntchito. Ukagwa pageti pamenepo, adzakudzutsa ndi mwanayu?"

Alamu anadzuka n'kulowa kuchipinda kwawo. Tinamva akukhala pampando wa pamakina. Wayilesi anali pamiyendo panga, ndipo anatambasula mkono kulozera mbale ija, osatulutsa mawu. Apongozi anamuona. Ndikhulupirira kuti mtima wawo unagwedezeka, chifukwa dzanja lawo linaima m'malere. Kenako anatenga mbaleyo, anaivundikira ndi ina, anaiika m'kabati n'kukhoma.

"Adya m'mawa," anatero. Misozi inali kutsika, koma kiyi anabwerera m'khosi.

Ndinayang'ana mwamuna wanga. Mazira ake anali atasendedwa kale, ndipo amayi ake anali atakhalanso moyang'anizana naye. Anadya onse awiri.

Ndinatuluka ndi mwana kumsana, kunja kusanade kwenikweni. Pageti panali lole ya masamba imene imagona mumsewu wathu, ndipo imanyamuka yopanda katundu kusanache kupita kuminda. Dalaivala wake anali akuthira madzi mu injini. Ndinamufunsa ngati amadutsa kufupi ndi kwa achemwali anga. Anati amadutsa, ndipo kutsogolo amakhala yekha masiku ano.

"Koma sindiliza hutala, mayi," anatero. "Ndikaliza injini, mukhale muli pano."

Sindinamulonjeze kanthu. Ndinabwerera kuchipinda n'kumuvula Wayilesi kuti ndimupukute. Ndinakankhira kachibangili kaja m'mwamba monga mwa masiku onse. Kanafika pachigongono, n'kudutsa.

Mwamuna wanga analowa n'kukhala pamphepete pa bedi.

"Sukanayankhula lero," anatero. "Amayi aferedwa."

"Ndiyankhule liti?"

"Zinthu zikakhala bwino."

Ndinamuonetsa mkono wa mwana wake, kachibangili kali pafupi ndi phewa. Anayang'ana, kenako anayang'ana kumbali.

"Bambo ake Wayilesi, mawa kusanache ndikupita kwa achemwali. Ndikutenga mwana ndi thadzi lake. Sindikutenga china chilichonse cha nyumba ino."

"Anthu adzati chiyani? Maliro anali dzulo."

"Adzanena zimene adzanene. Maliro ena ndiye sindikufuna kudzawaonera patali."

"Nanga Amayi ndiwauza chiyani?"

"Muwauze kuti pachoka pakamwa pawiri. Asilikali akhuta."

Mawuwo anamubaya, ndinaona, ndipo sindinawabweze. Ndinkayembekezera kuti andiletsa, kapena kuti anena kuti tipitire limodzi, kapena kuti adzuka kukapempha kiyi uja. Anakhalabe pamphepete pa bedi mpaka ndinamaliza kupinda matewera ndi tizovala ta mwana m'chikwama. Kuseri kwa khoma alamu ankapondaponda makina opanda ulusi, pang'onopang'ono.

Kenako mwamuna wanga anawerama, anatola kansalu kakatali pa zidutswa za mamasiki zimene Asisi anandipatsa zopukutira, n'kukaika pamwamba pa chikwama.

"Thadzilo ukalimange miyendo ndi aka," anatero osandiyang'ana. "Limalira kwambiri likagwidwa. Uyambe walifunditsa kumutu."

Ndinatenga kansaluko n'kukamanga padzanja langa kuti ndisakaiwale. Ndinamugoneka Wayilesi atavala kale juzi, nsapato zanga ndinaziika pakhomo zitaloza kunja, ndipo ndinatsegula windo pang'ono kuti ndidzamve injini.